Mwezi wanga woyamba pa makina a mapeleti ku Kanengo

Nditayamba kuphunzira ntchitoyi ndinkayembekezera kuti tsiku loyamba lomwelo andiimika pa extruder, makina osungunula pulasitiki yakale n'kuitulutsa ngati zingwe zomwe zimadulidwa kukhala timibulu totchedwa mapeleti. Madala amene amayendetsa makinawo anangondipatsa magolovesi ndi beseni la madzi, n'kundilozera mulu wa zigubu ndi ndowa zosweka. "Mphwanga, uyambe wadziwa chakudya cha makinawa." Zinandiwawa, sindibisa. Masabata awiri athunthu ndinali pamulupo.

Pansi pa chigubu pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala yosonyeza mtundu wa pulasitiki. 2 ndi HDPE, ya zigubu. 5 ndi PP, ya mabeseni, mipando ndi matumba a feteleza. 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi akumwa, pomwe 3 ndi PVC, ya mapaipi. Nambala ikafufutika timaponya kachidutswa m'madzi: HDPE ndi PP zimayandama, PET ndi PVC zimamira. Chifukwa chosankhira ndinachimvetsa pambuyo pake. HDPE imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130, PP cha m'ma 160, koma PET mpaka 250. Ndiye PET ikalowa mu PP siisungunuka, imangokatseka sefa. PVC ndiye yoopsa, ikapsa imatulutsa utsi wa asidi wolasa m'maso ndi kukhosi, komanso imadya chitsulo cha m'kati.

Ovuta kwambiri ndi majumbo opyapyala, thumba lonse kulemera kwake ndi mchenga basi. Boma linaletsa osakwana ma micron 60 kukhuthala kwake mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kutsimikiza mu 2019, koma amabwerabe, ndipo mchenga wake umabunthitsa mipeni ya chigayo.

Sabata yachitatu anandilola kuthira ndekha. Kunali mitambo, zogayagaya zomwe tinatsuka dzulo lake zinkaoneka zouma pamwamba, ine n'kuthira. Posakhalitsa ndinamva thethethe kukamwa kwa makina. Zingwe zija, zomwe zimayenera kutuluka zosalala n'kulowa mu ngalande ya madzi ozizira, zinayamba kutupa ndi kuduka. Ndinathamangira kukatsitsa moto.

"Usakhudze pamenepo. Tenga kapeleti kamodzi undipatse."

Anakadula pakati ndi mpeni n'kundionetsa pachikhatho. Kunja kanali kabwinobwino, kakang'ono ngati mphodza, koma m'kati munali kabowo.

"Ndi chiyani ichi?"

"Mpweya, madala."

"Nthunzi. Madzi ako aja awira m'kati."

Kenaka anapisa dzanja langa pansi pa thumba. Kunali chinyezi ndithu. Matumba awiri tinawabwerezanso, chifukwa wopanga ndowa akagula mapeleti otere ndowa zake zimatuluka zofooka, ndipo amene amaluza ndi mayi wokatunga madzi ku kiyosiki.

Magetsi akazima pulasitiki imauma m'kati mwa mpope wa makinawo. Akayaka sumayatsa injini nthawi yomweyo, umadikira zotenthetsera zisungunule zonse, apo ayi chitsulo chopotana chomwe chimakankha pulasitiki m'katimo chikhoza kuthyoka. Kudikirako kumandivutabe, manja amayabwa, koma madala amangokhala pa thumba maso ali pa mita.

Panopa m'mawa uliwonse ndimayamba ndi kupisa dzanja m'matumba onse mpaka pansi. Lolemba ndiyamba kuphunzira kusintha sefa makina ali otentha, ndipo andiuza kuti ndibwere ndi malaya a manja aatali.