Tsiku lomwe amayi a Mvano anakankha Subaru yanga

Popeza kavidiyo kaja ka amayi akukankha galimoto yanga kafika kale mpaka kwa azakhali ku Dedza, bola ndinene ndekha musanathiremo mchere wanu. Galimoto sinathe mafuta monga akukunamizirani achimwene a ku Mufakose. Inafa imfa yaulemu, ili pa liwiro.

Unali m'mawa wa mu June, chisanu cha Harare chija cholowa m'mafupa. Nditangochoka ku Highfield, pamaloboti a mu Simon Mazorodze, Honda Fit ya mushikashika, matakisi ozembera malamulo aja, inaima pambali panga, anthu atapanikizana mpaka kubuti. Dalaivala wake anandiyang'ana ine, nayang'ana Subaru WRX yanga, n'kuseka. Inuyo mukanatani? Injini ya EJ20 yokhala ndi tebo, a ku Japan sanaipangire kukagula matimati. Ndinaponda moto mpaka singano ya ma rev kukhudza 7,000. Giya yoyamba, yachiwiri, dziko lokoma. Pa yachitatu, go! go! go! kenako zii. Fit ija inadutsa mwaulemu, wina n'kukuwa kuti malo alipo.

Apo ndiye anatulukira amayi a Mvano, atavala zoyera, akupita kumaliro. "Mwana wanga, khala momwemo uziwongolera," anatero wamkulu wawo. Anagwira kumbuyo, ena pachipiko chija ndinachigula modula, n'kuyamba kukankha. Kenaka mmodzi anatsogolera nyimbo. Ya maliro, abale, yomwe anakonzekera kukaimba kusiwa, ndipo mapazi ankatsata nyimboyo, pang'onopang'ono. Abambo m'mbali mwa msewu anavula zipewa. Wogulitsa nthochi anaweramitsa mutu. Makombi, maminibasi a kuno, amene sapatsa njira ngakhale ambulansi, anatipatsa njira. Mkulu wina anafika pawindo n'kunong'ona kuti watisiyayo ndani. Ine ndili phee m'magalasi akuda, lamba ndamanga, indiketa ikuphethira. Ndinayankha kuti ndi injini. Anandipepesa.

Ku Kaguvi Street, kwa amakaniko, mdala wina wakwathu ku Ntcheu anakhetsa oyilo m'beseni. Ankanyezimira ngati diresi la mkwatibwi.

"Aphwanga, tizitsulo iti ndi ma bearing anu," anatero. Akuti crankshaft, mtanda umene umazungulira m'kati mwa injini, sikhudza chitsulo chinzake, imayandama pa kaoyilo kochepetsetsa. Oyilo akazizira amakhala wolemera, sayenda msanga, ndiye ukaponda moto injini isanatenthe, chitsulo chimadya chitsulo. Tebo nayo imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi, ndipo imamwa oyilo yemweyo. Tizitsuloto tayenda paliponse, kotero injini yonse ituluke, crankshaft ikapalidwe kapena igulidwe ina, tebo ionedwe, oil cooler, choziziritsira oyilo, itayidwe. Anafunsanso kuti oyilo ndinasintha liti. Ndinayankha kuti funso limenelo ndi la m'banja.

Koma tinene zoona, kuthamanga pakokha sikupha injini. Mdalayo anavomera yekha kuti amene amakathamanga ku Donnybrook, bwalo la mipikisano ya galimoto, amayamba atenthetsa injini, amathira oyilo wabwino pafupipafupi, ndipo sazimitsa tebo ikadali moto. Ndiye mlandu ndi wa June.

Mtengo anaulemba ndi chala pafumbi la paboneti. Ndinafunsa ngati ndi ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe. Anati madola a ku America, ndipo ntchito ya manja sanaikemo.

Galimoto ili kuseri kwa nyumba, nkhuku za alandilodi zikuikira pansi pake. Ekisozi ikadali bwinobwino, ofuna tikambirane.