Sindinalire, Inali Nkhadze

Poti ena mwayamba kale kufalitsa zoti ndinalira pamaso pa amayi a Mvano, lekani ndifotokoze ndekha. Misozi inatulukadi, koma sikunali kulira kumene mukunenako.

Ine ndinkangofuna mpanda wobiriwira chaka chonse, kuti aneba asiye kuwerenga nthongo zanga ndikamadya nsima pakhonde. Ndipo sindinasankhe mwachimbulimbuli ayi. Nsatsimanga ndinaikana chifukwa chilimwe chikafika imayoyola masamba onse n'kutsala timitengo mbee, ndiye mpanda wanji woonekera mkati? Duranta wachikasu uja amagulitsa m'machubu m'mbali mwa msewu ndi wokongola, sindikana, koma amafuna kuthirira ndi kumeta pafupipafupi, pomwe bilu ya madzi imandidwalitsa kale mutu. Bougainvillea minga yake ikanatha mipira ya ana. Sayipulesi bambo anga anandiletsa, iwo sanaiwalebe nsabwe zija zinafika m'dziko muno mu 1986 n'kuumitsa mitengoyi.

Ndiye ndinakatenga nkhadze kumudzi. Umangodula nthambi, kuzika pansi, basi yagwira. Madzi siifuna, ziweto zimaipewa, ndipo mu Okutobala, udzu wonse utapsa, iyo imakhala ili biriwiri. Ndiuzeni ngati amenewo si maganizo a munthu wophunzira.

Itakula n'kupitirira denga la bafa, Lachinayi lina ndili patchuthi ndinatenga chikwanje, malaya ndavula, kuti ndiilinganize. Utomoni wake woyera uja unkangodontha m'manja. Thukuta litatsikira m'maso, ndinapukuta ndi dzanja lomwelo. Nanga munthu amapukuta thukuta ndi phazi?

Abale anga, moto umenewo ndi wa tsabola wa kambuzi mtondo wathunthu. Ndinataya chikwanje, ndinathamanga osaona, ndinagunda waya woyanikira zovala, kenako ndinaviika mutu wonse m'beseni loyamba lomwe ndinalikhudza. Munali zovala za ana zonyikidwa m'sopo waufa. Ndinadzuka thovu lili m'makutu, kabudula wa mwana ali pamutu, ndikukuwa mawu oti ngakhale ine sindikuwadziwa.

Nthawi yomweyo geti linatseguka, amayi a Mvano analowa atavala zoyera zawo, kudzacheza ndi mayi a kunyumba. Anaima. Kunali zii. Mmodzi anayambitsa kolasi, enawo anapolokozana naye, ena awiri anandigwira mapewa n'kuyamba kudzudzula chimene chinandilowa. Ine ndikuti "Madzi! Madzi!" iwo akuti "Tuluka!" Ndime yoyamba inatha. Anayamba yachiwiri, mawu ake onse, osadumphako.

Anandipulumutsa ndi gogo wina amene anaona nthambi zili mbwee pansi. "Inu, siyani nyimbozo, bambowa ndi nkhadze! Tsegulani mpopi!" Anandigwira khosi pampopi nthawi yaitali, madzi akungoyenderera m'maso, madzi omwe aja ndinkawaumira. Kuchipatala ananditsukanso, anandipatsa mankhwala odonthezera, n'kundifunsa ngati kwathu kulibe magalasi ndi magolovesi. Mayi a kunyumba anayankha m'malo mwanga: "Alipo adokotala, koma akuti ndi za anthu amantha."

Maso anachira. Mpanda uli chomwecho, mbali imodzi yometa, ina yaitali. Yometayo ndi ya kwa aneba.