Za kavidiyo ka ku Chamonix kaja

Kavidiyo mwakaona, ndikudziwa. Mlamu wanga sanasiye gulu la WhatsApp ngakhale limodzi, kafika mpaka ku gulu la makolo a kusukulu ya mwana wanga kumene anthu amangokangana za fizi. Ndiye musanayambe kundiyimbira, imvani kaye mbali yanga. Munthu wa jekete yofiira amene wamatirira pathanthwe ngati nalimata uja ndine, sindikukana. Koma sindinkalira. Mphepo ya kumeneko imatulutsa misozi, kafunseni aliyense. Komanso kamera inali m'mwamba, m'kabokosi koyenda pachingwe, ndipo munthu aliyense ukamujambula kuchokera pamwamba amaoneka wopusa, ngakhale bishopu.

Achemwali amakhala ku Geneva, ndipo kuchoka kumeneko kukafika ku Chamonix, ku France, ndi ola limodzi ndi pang'ono pagalimoto. Katauni kameneka kali m'chigwa, m'tsinde mwa Mont Blanc, phiri lotalika mamita oposa 4,800 lomwe pamwamba pake pamakhala poyera chaka chonse. Vuto la Chamonix ndi loti aliyense amathamanga. Wopita kukagula buledi akuthamanga. Nkhalamba zikuthamanga. Onse avala timabudula, mabotolo awiri a madzi pachifuwa, ndodo ziwiri m'manja, akatumba ali gwaa. Kumapeto kwa Ogasiti kumachitika mpikisano wa UTMB, womwe unayamba mu 2003: anthu amazungulira phiri lonselo, makilomita pafupifupi 170, kudutsa France, Italy ndi Switzerland, usiku ndi usana, popanda wowathamangitsa. Ukakhala pakati pa anthu otere kwa theka la tsiku, mutu umayamba kukunamiza.

Mlamu anayesetsa, ndimupatse zake. Anatambasula mapu n'kundionetsa njira za anthu abwinobwino. Anati pali Petit Balcon Sud, kanjira ka m'nkhalango kodutsa m'mbali mwa phiri, kamthunzi, kopanda nkhanza. Anati pali Grand Balcon Nord, kumene umakwera kaye kabokosi kukafika ku Plan de l'Aiguille, n'kuthamanga chopingasa mpaka ku Montenvers, kukaona chimtsinje cha madzi oundana cha Mer de Glace, kenako n'kutsika pa sitima yofiira utakhala pampando. Anatchulanso Lac Blanc, kanyanja kam'mwamba kamene aliyense amakajambulitsako.

Ine ndinamvetsera zonsezo n'kufunsa kuti, “Alamu, mukudziwa kumene ndinakulira?”

Ndinakulira ku Luchenza. Phiri la Mulanje ndinkaliona tsiku lililonse ndikamatsuka m'kamwa. Sapitwa, mamita 3,002, ndi wathu. Anyamata a Porters' Race amene amakwera ndi kutsika phiri lija mothamanga, ena opanda nsapato, ndi anthu a kwathu. N'zoona kuti ine mwini ndinalekezera pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo tsiku limenelo tinapita ndi kulabokosi, koma kuliyang'ana phiri zaka zonse zija kumalowa m'magazi. Mpaka pano ndimakhulupirira zimenezi.

Ndiye ndinaloza kanjira kafupi kwambiri pamapupo. Makilomita 3.8 basi. Mtunda umenewo ndimayenda ndikakana kulipira kabaza. Mlamu akuti anandiuza kuti m'makilomita 3.8 amenewo umakwera mamita 1,000, kuchoka m'tauni kukafika ku Planpraz, ndiponso kuti chaka chilichonse mu Juni pamachitika mpikisano wa anthu othamanga m'mapiri. Mwina ananenadi. Ine ndinkamanga zingwe za nsapato.

Njirayo imayambira patchalitchi cha Saint-Michel. Munthu wanzeru akanafunsa chifukwa chake.

Azungu amathamanga atanyamula timapaketi ta zotsekemera zomwe amafinyira m'kamwa. Ine ndinali ndi mkute m'mimba. Ufa ndinachita kubwera nawo kuchokera kumudzi, achemwali anaphika usiku, ndipo m'mamawa mitanda yotsalayo inandiyang'ana mwachisoni. Chigawo choyamba, cha msewu wa phula, ndinathamangadi, mboni zilipo. Ndinapitirira ngakhale bambo wina wokankha njinga ya mwana. Titafika pamene timabokosi timanyamukira, mlamu anagwira bondo n'kunena kuti lamuyamba, tikakumana pamwamba. Anagula tikiti. Munthu ameneyu ndi woipa mtima koma si wopusa.

Kuchoka apo kanjira kamayenda mokhotakhota pansi penipeni pa zingwe, moti aliyense wokwera kabokosi amakuonera ulere. Kukhota kumanja, kukhota kumanzere, kukhota kumanja. Kuthamanga kunasanduka kuyenda, kuyenda kunasanduka kukambirana ndi mawondo. Mkute unayamba kufunsa kuti tikupita kuti. Koma ndinkapitabe, anzanga, ndipo mfundo imeneyi kavidiyo sikakuionetsa.

Chakumtunda mitengo inatha, njira inathanso. Panatsala thanthwe, chingwe chachitsulo chokhomeredwa m'mbali, ndi timakwerero tachitsulo toponda. Ndinagwira, ndinaponda, ndinakwera bwinobwino mpaka pakati. Kenako wina anaimba likhweru lakuthwa. Kwathu munthu akakuimbira likhweru umacheuka, ndi ulemu. Ndinacheuka. Panalibe munthu. Kanali kanyama konenepa kotchedwa marmotte, kofanana ndi mbira, katakhala pamwala kakundiyang'ana. Ndipo kuseri kwa kanyamako, pansi, pansi penipeni, ndinaona Chamonix yense: madenga, mtsinje wa Arve, ndi tchalitchi chija chitachepa moti ukanachiika m'thumba.

Miyendo inanyanyala ntchito pomwepo. Sinapereke chenjezo. Manja anafinya chingwe, tsaya linakagunda thanthwe, ndipo thupi lonse linagwirizana kuti pano ndiye pathu, timange nyumba.

Kumbuyo kwanga kunayamba kupangika mzere. Woyamba anali gogo wina wamkazi, tsitsi loyera mbuu, kathupi kochepa, ndodo atazipinda n'kuzisomeka kumsana. Kumbuyo kwake anyamata awiri, kenako bambo wachipewa, kenako ena amene sindinawaone chifukwa kuwaona kunkafuna kucheukanso. Palibe anakalipa. Anthu a kumeneko amadikira mwaulemu woopsa, umene umapweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndiye foni inalira.

Apa pakufunika kufotokoza. Amayi akamaimba, foni yanga imalira nyimbo ya amayi a Mvano a kumudzi kwathu, yomwe ndinajambula ndekha. Ndi nyimbo yabwino kwambiri. Kungoti ndi ija timaimba potsitsa bokosi m'manda. Nyimboyo payokha ilibe mlandu, inangozolowereka kumaliro. Foni inali m'thumba lakumbuyo, voliyumu mpaka kumapeto, ndipo dzanja loti ndiitulutsire ndinalibe, onse awiri anali pantchito. Choncho mawu a amayi makumi angapo anakwera m'mapiri a Alps, pang'onopang'ono, mwachisoni, akundiperekeza ndili moyo. Thanthwe linkabweza mawu. Chifalansa sindimva, iwonso Chichewa samva, koma nyimbo ya maliro imamveka m'chilankhulo chilichonse. Bambo wachipewa uja anavula chipewa.

Inalira mpaka kutha. Kunakhala zii. Kenako inayambiranso, chifukwa amayi anga saimba kamodzi.

Ulendo wachitatu gogo uja anatopa. Anakwera masitepe awiri, anapisa dzanja m'thumba langa lakumbuyo popanda kuodira, anatulutsa foni n'kuyankha. Inali ya vidiyo.

“Halo? Halo! Inu ndinu ndani? Mwana wanga ali kuti?”

Gogo anati, “Bonjour madame,” n'kutambasula dzanja kuika foni pakati pa mphuno yanga ndi thanthwe.

“Mwadzuka bwanji amayi?”

“Tadzuka, kaya iwe? Bwanji nkhope yatuwa chonchi?”

“Ndi kuzizira, amayi.”

“Wagona pansi?”

“Ndaimirira.”

“Nanga mayi wachizunguyo akutani ndi foni yako? Ukukumbuka kuti unasiya mkazi ndi ana ku Chilomoni?”

Ena mwandifunsa kuti bwanji sunangonena kuti muimbenso nthawi ina. Inu munaleredwa kuti? Mwana woleredwa bwino sadula foni ya mayi ake, kaya ali pamsonkhano, kaya akulendewera. Ndiye tinapitiriza. Amayi anandiuza kuti mbuzi yakuda ija yabereka awiri. Ndinati zikomo. Anati denga la khitchini likufuna udzu. Ndinati ndamva. Anati feteleza akukwera mtengo, ndi bwino kugula mvula isanayandikire, nanga ndalama ija utumiza liti? Ndinati amayi, ndikatsika. Anati ukatsika kuti? Ndinati pansi. Anati iwe usandiyankhe mwachipongwe.

Thukuta linkatsika m'maso. Mwendo wakumanzere unayamba kunjenjemera wokha, ukuvina gule amene ine sindinamuyitane. Dzanja la gogo silinagwedezeke ngakhale pang'ono, mayi ameneyo akanatha kugwira foniyo mpaka Khirisimasi. M'mwambamo timabokosi tinkadutsa, anthu atakanikiza nkhope pagalasi. M'kamodzi mwa timeneto munali mlamu wanga, yemwe anafika pamwamba, n'kutsika, n'kukweranso, ati pondifunafuna. Bondo lake linali litachira.

“A malume ako ali pompano, apatse moni.”

Ndinawapatsa moni a malume. Anafunsa ngati kuli mvula. Anafunsa ngati azungu amalima chimanga. Anafunsa za jekete imene ndinawalonjeza, ndipo poona yofiira imene ndinavalayo anati imeneyonso ingachite. Anabweza foni kwa amayi, amene anati tsopano mpatse mayi uja ndimulonjere bwinobwino, si bwino munthu kukugwirira foni osamuthokoza. Gogo anatembenuza foni. Amayi analankhula Chichewa, gogo analankhula Chifalansa, ndipo sindikunama, anamvana. Gogo analoza foni pansi kuonetsa phompho, kenako analoza miyendo yanga. Ndinamva amayi akuti, “Mayo ine!” Kenako, “Ameneyu ngakhale mumtengo wa mango ankachita kumutsitsa.” Anyamata awiri aja anaseka osamva n'chimodzi chomwe.

Mmene ndinachokera pamenepo ndi nkhani yaifupi. Gogo anasomeka foni m'kathumba ka pachifuwa osaidula, anagwira chidendene changa ndi dzanja n'kuchiika pa chitsulo chotsatira. Kenako chinacho. Kenako choyamba chija. Ankandiyendetsa phazi limodzilimodzi, uku m'kathumba mwake amayi akupemphera mokweza, akutchula dzina langa lonse ndi la agogo anga. Ndikufuna zidziwike kuti manja ndinkasuntha ndekha.

Akatswiri amakwera njira imeneyi m'nthawi yongopitirira pang'ono theka la ola. Ine ndinanyamuka anthu akumwa tiyi wam'mawa, ndinafika ku Planpraz akuchotsa mbale za nkhomaliro. Pamwambapo, mamita pafupifupi 2,000, pali malo pamene anthu amathamanga n'kudziponya m'malere atamangirira chinsalu kumsana. Mlamu anafunsa ngati ndingayeseko poti ndine wa ku Mulanje. Sindinamuyankhe. Gogo anandibwezera foni, anandisisita paphewa, anatambasula ndodo zake n'kuyamba kutsika wapansi, mothamanga. Ine ndinatsika pa kabokosi nditatsinzina, pofuna kupumitsa maso.

Panopa amayi akaimba sayamba ndi ine. Amafunsa kaye za mnzawo wa ku France, ndipo asunga kale mtedza woti ndikamupatse ndikadzapitanso, ngakhale ndawauza kuti dzina lake sindikulidziwa. Mayi a kunyumba akufunabe kumva bwinobwino kuti dzanja linalowa bwanji m'thumba lakumbuyo. Jekete anatenga a malume. Ya feteleza ndinatumiza Lachiwiri.