Lachinayi: maselo odziboolera njira

M'mawa ndinatulutsa mbale ziwiri za maselo a khansa ya m'mawere mu incubator, bokosi lofunda losungiramo maselo kuti akule. Mbale ina inali ya MCF-7, maselo okonda kuunjikana pamalo amodzi. Inayo inali ya MDA-MB-231, aja owonda ndi aatali, osakhazikika, odziwika ndi kulowerera m'minofu yoyandikana nayo.

M'mbale zonse ndinadonthezamo timibulu ta golide tating'ono kwambiri moti ndi maso sutiona, umangoona madzi ofiirira. Pa kambulu kalikonse tinamangirirapo tizingwe ta peptide (tizidutswa ta puloteni), kunsonga kwake kuli utoto wowala. Utotowo ukakhala pafupi ndi golide suwala, golideyo amameza kuwala kwake. Koma enzyme ya MMP-9, puloteni yomwe maselo amatulutsa yodula mapuloteni ena, ikadula kachingweko, utoto umatalikira n'kuyamba kuwala. MMP-9 ndi inzake MMP-2 ndi zina mwa zimene maselo a khansa amadyera kolajeni, puloteni yolimba yotchinga minofu, ngati chiswe chodya nsichi, mpaka apeze njira yolowera m'mitsempha ya magazi.

Masana, m'chipinda chamdima, MDA-MB-231 inali mbee, kubiriwira pakati pa maselo ponse. MCF-7 inangothwanima pang'ono. M'mbale yachitatu, ya MDA-MB-231, yomwe ndinathiramo mankhwala otsekereza MMP, kuwala kunali kochepa zedi, ndipo apa ndi pamene mtima unakhala pansi, poti zinaonetsa kuti kuwalako kunkachokeradi ku ntchito ya MMP. Chimene ndimakondera njirayi n'chakuti imayeza ntchito ya enzyme, osati kuchuluka kwake. Maselo amatulutsa MMP ili chigonere, kudikira kudzutsidwa, ndipo thupi lili ndi ma TIMP, mapuloteni oimanga manja. Ukhoza kuipeza yambiri koma isakudula kanthu.

Pa nkhomaliro mnzanga wina wa m'labotale anandikumbutsa kuti MMP-9 imakweranso pa bala lomwe likupola, ngakhalenso pa nyamakazi. Akunena zoona. Enzyme imodzi siingagamule kuti munthu ali ndi khansa. Ndi banja lakale ili la ma MMP: Jerome Gross ndi Charles Lapiere analitulukira mu 1962 pofufuza mmene mchira wa mbululu umasungunukira.

Madzulo ndinawerenganso kafukufuku wa mu 2019 wa gulu la Sangeeta Bhatia ku yunivesite ya MIT ku America ndi la Molly Stevens ku Imperial College London. Anabaya mbewa za khansa ya m'matumbo ndi timibulu ta golide tomangiriridwa ku puloteni yaikulu. Pa chotupa MMP inatidula, impso zinatisefa, ndipo mkodzo utasakanizidwa ndi mankhwala unasanduka wabuluu. Ndinaganiza za amayi kwathu ku Malawi, kumene khansa ya khomo la chiberekero imapha ambiri chifukwa amafika kuchipatala itafalikira kale. Zoyeza mkodzo sizifuna makina aakulu, n'chifukwa chake ndikufunitsitsa zitatheka. Koma kafukufukuyo anathera pa mbewa.

Mawa ndiyesa timibulu tomweti pa maselo a m'mawere opanda khansa, ndione ngati tikhale tosawala.