Mwana woleredwa m'manja mwa boma amasowa munthu wokhalitsa

Mwana amene akuleredwa m'manja mwa boma amazunguliridwa ndi akuluakulu ambiri: wa zachisamaliro cha ana amene amasunga fayilo yake, omulera kumene akukhala, aphunzitsi, ndipo nthawi zina woweruza amene amagamula kumene akakhale. Chovuta n'chakuti onsewa amasinthasintha. Wina amasamutsidwa, wina amasiya ntchito, ndipo mwanayo nayenso amasamutsidwa, zovala zake zonse zili m'thumba limodzi la pulasitiki, n'kukayambanso kufotokoza mbiri yake kwa mlendo. Akamafika zaka 16 amakhala ataphunzira kale kuti si bwino kuika mtima pa munthu.

Katswiri wa zamaganizo Emmy Werner anatsatira moyo wa ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakwanitsa zaka 40. Mwa ana amene anakulira m'mavuto aakulu, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadzakhala munthu wokhazikika, ndipo chimodzi mwa zimene ana amenewa anafanana n'chakuti anali ndi wamkulu womudalira, kaya agogo, woyandikana nawo nyumba kapena mphunzitsi.

Komatu kungomupezera mwana mlangizi, kutanthauza wamkulu woti azimuyendera ndi kumutsogolera, sikokwanira, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amati kangachepe n'kabwino kuposa kusowa. Mu 2002 ofufuza Jean Grossman ndi Jean Rhodes anaunika achinyamata a m'bungwe la Big Brothers Big Sisters ku America, limene limapezera ana alangizi, ndipo anapeza kuti amene anakhala ndi mlangizi kwa chaka kapena kuposerapo ndiwo anapindula kwambiri, pamene amene ubale wawo unatha miyezi itatu isanakwane anayamba kudziona ngati achabechabe kuposa kale. Zimenezi n'zosadabwitsa, chifukwa mwana amene anasiyidwapo kale saganiza kuti mlangizi watanganidwa ndi ntchito; amaganiza kuti vuto ndi iyeyo.

Alipo amene anaimvetsa nkhaniyi. Bungwe la Friends of the Children, limene linayamba mu 1993 mumzinda wa Portland ku America, limalemba ntchito alangizi olipidwa ndipo limalonjeza kukhala ndi mwana zaka 12 kapena kuposerapo. Ku England lamulo la ana la 1989 linakhazikitsa zoti mwana wosungidwa ndi boma akhoza kupatsidwa munthu woima payekha womamuyendera, wosakhala wantchito wa khonsolo imene ikumusunga.

Ntchito ya munthu wotereyu ndi yooneka yaing'ono. Amabwera tsiku limene analonjeza, ngakhale ulendo wathawo mwanayo anangokhala duu osamuyankha, poti ana ambiri otere amayamba ayesa munthu kuti aone ngati nayenso athawe. Amakumbukira tsiku lake lobadwa, amasunga zithunzi zake za ali wamng'ono, zimene kawirikawiri zimasochera posamuka, ndipo mwanayo akasamutsidwa amamulondola kumene wapita.

Nthawi yoopsa kwambiri imafika pa zaka 18, pamene m'mayiko ambiri udindo wa boma umachepa kapena kutheratu. Anzake a msinkhu womwewo akalephera mayeso kapena akachotsedwa ntchito amabwerera kwa makolo, koma iye ayenera kupeza nyumba, kulemba kalata yofunsira ntchito ndi kusamala ndalama payekha. N'chifukwa chake ndimaona kuti mabungwe akamafunsa ofuna kukhala alangizi, asamathere pa kufufuza mbiri yawo, ngakhale zimenezo n'zofunika poteteza ana. Aziwafunsanso mosabisa kuti angathe kukhalapo zaka zingati, ndipo amene akuyembekeza kusamukira kutali posachedwa apatsidwe ntchito ina yothandiza, osati mwana.