Chitseko chapakati: sabata imodzi pa deki ya alendo

Ndine kapitawo wa okonza zipinda pa sitima yapamadzi yonyamula anthu okaona malo. Ndimayang'anira mbali imodzi ya deki, kutanthauza nsanjika imodzi ya sitima, ndipo nyengo ino sitima yathu ikuzungulira kumadzulo kwa nyanja ya Mediterranean: kunyamuka ku Barcelona, kukaima ku Marseille, Genoa, Civitavecchia, Palermo ndi Valletta, tsiku limodzi kukhala pamadzi osaima, kenako kubwerera. Abale kumudzi akandiimbira amafuna kumva za mafunde ndi mizinda ya azungu. Koma chomwe chimandidyera nthawi sabata ndi sabata ndi chitseko chopyapyala cholumikiza zipinda ziwiri zoyandikana.

Loweruka ku Barcelona ndi tsiku la liwiro. Alendo a ulendo watha amatuluka m'mawa, atsopano amayamba kulowa dzuwa lili paliwombo, ndipo pakati pomwepo chipinda chilichonse chomwe atulukamo chiyenera kuyalulidwa, kukolopedwa ndi kuyalidwanso. Anyamata ndi atsikana anga ali kalikiliki ndi zofunda, ine ndimatenga ndandanda yochokera ku lisepushoni n'kuyenda khomo ndi khomo. Ndandandayo imasonyeza zipinda zolumikizana zomwe lagula banja limodzi, ndi zomwe mukulowa anthu osadziwana. Sitima zina zili ndi zitseko ziwiri zogundana misana, aliyense amakhoma chake. Yathuyi chitsekocho ndi chimodzi, ndipo kiyi wake timasunga ndife. Ndikachikhoma ndimazimitsa magetsi mbali imodzi n'kuyang'ana ngati kuwala kukudutsa m'mphepete. Pomwe padutsa kuwala padutsa mpweya, ndipo mawu amatsatira mpweya.

Tsiku limenelo ndinatsegulira banja lina: bambo, mayi, ana atatu ndi agogo awo aakazi. Zipinda wamba sizigonamo anthu opitirira anayi, komanso makampani ambiri salola ana aang'ono kugona okha pokhapokha chipinda chawo chitalumikizana kapena kuyandikana ndi cha makolo. Kwa banja lotere chitsekocho ndi mdalitso. Nditachitsegula n'kuchipinga kuti chisamamenyeke sitima ikayamba kugwedezeka, mwana wamng'ono anayamba kuthamanga uku ndi uku, ndipo mayi ake anapuma mpweya wautali. Zipinda zina ziwiri kutsogolo kwake ndinakhoma, poti mbali iyi munkalowa banja la anthu okalamba, mbali inayo achinyamata awiri ongokwatirana kumene.

Usiku wopita ku Marseille tinadutsa Gulf of Lion, kumene mphepo ya mistral imatsika kuchokera kumtunda kwa France n'kuvundula nyanja. Lamlungu m'mawa ndinapeza madandaulo akundidikira. Bambo wina anali atalemba kuti woyandikana naye wakhala akugogoda khoma usiku wonse. Nditalowa, ndinatsegula wadirobu yawo: mahang'ala opanda zovala ndiwo ankagundana ndi chitseko chake nthawi iliyonse sitima ikapendama. Tinawachotsa, nkhani inathera pomwepo. Wina anadandaula za likhweru losatha m'kolido. Limenelo timalidziwa msanga. Munthu akasiya chitseko cha kukhonde chosatseka bwino, mphepo imadzipanikiza pansi pa chitseko cha kukolido n'kumalira, oyandikana nawo onse osagona. Pa sitima zambiri makina oziziritsa chipinda amazimanso okha khonde likatseguka, ndiye mlendo yemweyo mawa lake amabwera kudzanena kuti m'chipinda mukutentha.

Kuti munthu amvetse phokoso la pa sitima ayenera kudziwa momwe chipinda chimapangidwira. Sichimangidwa ndi njerwa, ndipo nthawi zambiri sichimangidwira m'sitimamo. Kumalo opangira sitima zikuluzikulu ngati Papenburg ku Germany, Turku ku Finland, Saint-Nazaire ku France ndi Monfalcone ku Italy, zipinda zimafika zopangiratu ku fakitale, bafa, mawaya ndi mapaipi zili kale m'malo, kireni n'kuzikweza, amisiri n'kuzikankhira m'mizere. Makoma ake ndi malata achitsulo okhala ndi zonga thonje zopangidwa ndi miyala mkati, n'chifukwa chake maginito amamatirira. Chomwe opanga amayamba kuganiza ndi moto ndi kulemera. Malamulo a SOLAS, oteteza miyoyo ya anthu panyanja, amene anayamba mu 1914 ngozi ya Titanic itachitika ndipo omwe tikutsatira lero ndi a mu 1974, amafuna kuti khoma la gulu B, monga la zipinda zogonazi, litchinge malawi kwa theka la ola poliyesa. Ubwino wake, chipinda chilichonse chimabwera ndi khoma lakelake, ndiye pakati pa oyandikana pamakhala makoma awiri ndi kampata. Kampata kameneko kamameza mawu ambiri ndithu. Koma ukaboola makoma onse awiri n'kuikapo chitseko, wataya chitetezo chonsecho, chatsala ndi tsamba la chitseko ndi labala wam'mphepete basi.

Lolemba tili ku Genoa, mayi wa banja lokalamba lija anandiimitsa m'kolido. Maso ali gwa kusowa tulo, koma analankhula mwaulemu kwambiri.

"Mwanawe, sindikufuna kuti wina akalipidwe. Koma bambo a kunyumba angochira kumene matenda a mtima, ndipo usiku wachiwiri uno sitinagone."

"Pepani kwambiri, mayi. Mukumva chiyani makamaka?"

"Chilichonse. TV, kuseka, ngakhale akatsegula botolo. Zina sindinganene."

Ndinalowa nawo, ndinatuma mtsikana wokonza chipindacho kuti akalowe mbali inayo n'kulankhula ndi mawu wamba. Ndinamva liwu lililonse. Amene anakhalako m'nyumba za lendi za mdadada ku Ndirande, zomwe khoma lapakati silifika kudenga, akudziwa momwe zimakhalira: umadziwa za mnzako zomwe sunafune kudziwa, naye amadziwa zako. Labala wa pansi pa chitsekocho anali atauma n'kuphwanyika, chala chimalowa.

Anthuwa anagula tikiti yotsika mtengo yomwe umangosankha mtundu wa chipinda, nambala yake n'kusiyira kampani. Zipinda zabwino amayamba kutola ndi omwe amasankha okha pa mapu, zotsala n'zimene zimagwera enawo, ndipo zolumikizana zomwe palibe banja lazifuna zimakhala m'gulu la zotsalazo. Palibe anawauza. Apa ndiye pamandipweteka mtima. Munthu wasunga ndalama mwina zaka, wabwera kudzapuma, ndiye akudzazindikira yekha pakati pa usiku kuti chipinda chake chili ndi khomo lachiwiri.

Ndinapita ku lisepushoni kukapempha chipinda china. Ku Genoa ena amatsika, ena amakwera, koma zonse zinali zogulidwa kale. Nyengo yotentha sitima imadzaza thothotho. Ndiye tinachita zomwe manja angathe: thawulo lalikulu lopindidwa pansi pa chitseko mbali zonse ziwiri, timapulagi ta m'makutu, ndi pempho lolembedwa kwa kalipentala. Chovuta chinali chotsalacho, kukagogoda kwa achinyamata aja.

Ambiri amaganiza kuti wosokosa ndi munthu wopanda khalidwe. Pa zomwe ndaona, nthawi zambiri amakhala munthu yemwe sakudziwa kuti akumveka. Sindinawauze kuti wina wadandaula. Ndinati: "Bambo, mayi, chipinda chanu chili ndi chitseko chapakati ndipo labala wake watha. Mawu akudutsa mbali zonse ziwiri. Mawa tikonza, koma ndati mudziwe." Mtsikanayo anagwira pakamwa. "Ndiye kuti zonse zomwe timakamba amamva?" Mwamuna wake anatsitsa TV ine ndili pomwepo, n'kufunsa ngati okhala mbali inayo ndi achikulire. Madzulo ake anasiya kakalata kopepesa pansi pa chitseko cha kukolido cha okalamba aja. Akanakhala mlonda wovala yunifolomu ndiye wagogoda pakati pa usiku, anthu anayiwa akanatha sabata yonse akuzembana mu lifiti.

Lachiwiri m'bandakucha tinalowa ku Civitavecchia. Okhala kutsogolo, m'madeki apansi, anadzutsidwa ndi mapulopela am'mbali omwe amakankha mutu wa sitima kuti igunde padoko. Akayaka chipinda chonse chimanjenjemera, matambula n'kumalira pa tebulo. Pamenepo palibe thawulo lingathandize, ungowauza kuti ndi mphindi zochepa ndipo mawa zichitikanso nthawi yakuti. Munthu akadziwiratu amapirira. Alendo ambiri anapita ku Rome, ulendo woposa ola pa sitima yapamtunda, ndiye makolido anali zii. Kalipentala, bambo wachikulire wa ku Philippines, anabwera ndi labala watsopano, anamanga mahinjesi omwe anali atakhwepa, n'kukweza pang'ono kachitsulo ka loko kuti chitseko chizipanikiza. Titazimitsa magetsi, mdima unali bii. Mtsikana wokonza zipinda uja atalankhulanso mbali inayo, ndinkangomva kuti kuli munthu, mawu osazindikirika. Ntchito yosakwana ola.

Pali chinthu chomwe ndinadabwa nacho nditachimva ku maphunziro a chitetezo. Bungwe la IMO, nthambi ya United Nations yoona za sitima zapamadzi, lili ndi malamulo a phokoso pa sitima omwe anavomerezedwa mu 2012 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 July 2014. Amati pa sitima zatsopano zikuluzikulu phokoso la m'chipinda chogona lisapitirire madesibelo 55 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo khoma la pakati pa zipinda ziwiri lizichepetsa mawu ndi madesibelo 35. Koma malamulowa analembedwa kuti ateteze ife ogwira ntchito. Zipinda za alendo sizili m'menemo. Zimenezo zimadalira mgwirizano wa mwini sitima ndi omanga, komanso miyezo ya mabungwe oyendera sitima monga DNV, RINA ndi Lloyd's Register, yomwe mwini sitima amasankha yekha kutsatira. Ife tulo tathu tili ndi lamulo linanso, pangano la MLC la mu 2006 loteteza ogwira ntchito pa sitima, lomwe limati tizipuma maola osachepera 10 pa maola 24 alionse ndi 77 pa masiku asanu ndi awiri. Ndimagona pansi, kufupi ndi mzere wa madzi, ndi mnzanga wa ku Chipata yemwe amagwira usiku kochapira. Akalowa m'mawa amavula nsapato panja. Sitinapanganepo zimenezi, tonse tikudziwa mtengo wa tulo. N'chifukwa chake mlendo akadandaula za phokoso sindimutenga ngati wovuta.

Lachitatu ku Palermo kunalibe zambiri, kupatula nkhani ya banja la ana atatu lija. Usiku mwana wapakati anatentha thupi n'kuyamba kubuula. Agogo ake, omwe ankagona naye, sanamve kanthu. Anamva ndi mayi ake kudzera pa chitseko chotsegula chija, n'kuthamanga naye kuchipatala cha m'sitima. M'mawa mwanayo anali akudya kale. Mtundu wa chitseko ndi womwewo, deki yomweyo.

Ku Valletta Lachinayi mnzanga woyang'anira deki yapamwamba anandipempha thandizo. Zipinda zake zili pansi penipeni pa damu losambira, ndipo kusanache anyamata a kumeneko amatsuka pansi ndi kukoka mipando yogonapo. Kwa amene ali pansi zimamveka ngati akukokera pamutu pake. Tinakambirana ndi kapitawo wawo kuti azinyamula m'malo mokoka, ndipo anavomera, ngakhale kuti iwonso nthawi imawachepera. Kwanga kunabwera dandaulo la chimbudzi. Zimbudzi za pa sitima zimayamwa ndi mpweya kuti zisamawononge madzi ambiri, ndipo zikayamwa zimabangula. Mabafa a zipinda zoyandikana amatsamirana kuti agawane mapaipi, ndiye mnzako akadzuka usiku umadziwa. Chimene timauza alendo ndi kutseka chivundikiro ndi chitseko cha bafa asanadine batani.

Lachisanu, tsiku losaima padoko, ndilo lolemetsa chifukwa aliyense ali m'sitima. Alendo ena oyenda pagulu anapempha kuti tiwatsegulire zotchinga za pakati pa makonde awo atatu, zomwe timaloledwa nyanja ikakhala bata. Pofika usiku khondelo linali litasanduka bwalo la phwando, nyimbo zikumveka madeki awiri. Ameneyo sanali labala kapena hinjesi. Ndinawachenjeza kamodzi, kachiwiri anapita ndi alonda, ndipo zotchingazo tinazikhomanso.

Masana a tsiku lomwelo mayi wokalamba uja anandiitana. Anali atagona bwino kuyambira Lachiwiri, nkhope itasintha, ndipo ankafuna kugula ulendo wina wa chaka chamawa. Ndinatenga mapu a sitima n'kukhala nawo pansi. Ndinawaonetsa kachizindikiro komwe kamaikidwa pakati pa zipinda zolumikizana, kakang'ono moti ambiri sakaona. Ndinati asamangoyang'ana deki yawo yokha, ayang'anenso ya pamwamba ndi ya pansi: ngati konseko kuli zipinda zogona, ali pabwino, koma ngati kuli khitchini, disiko, holo ya zisudzo kapena damu, asunthe. Malo opanda nambala pa mapu, ongopakidwa utoto, kawirikawiri ndi masitepe athu kapena mosungira ziwiya, ndipo zitseko zake zimatseguka usiku wonse. Ndipo ngati akufuna tikiti yotsika mtengo ija, adziwe kuti akubetcha. Analemba zonse m'kabuku kawo, bambowo akugwedeza mutu.

Loweruka m'mawa, tikulowa ku Barcelona, ndinamaliza lipoti la sabata. Ndinalembamo zomwe ndakhala ndikupempha: kuti aliyense wopatsidwa chipinda cholumikizana ndi cha munthu wosamudziwa aziuzidwa asanakwere, ndi kuti labala wa zitseko zapakati aziyenderedwa pa ndandanda m'malo modikira kuti mlendo ayambe wasowa tulo. Pempho loyambalo lili m'manja mwa a ku ofesi ya kumtunda. Pempho linalo bwana wanga wavomera, ndipo kalipentala wati Lachiwiri likubwerali, alendo akapita ku Rome, ayamba ndi zitseko za kutsogolo kwa deki yanga.