Mmene ndinathanirana ndi nsikidzi m'nyumba ya lendi ku Leeds

Chinandidziwitsa ndi timadontho takuda m'mphepete mwa matiresi, m'misoko momwe nsalu zimakumana. Ndi chimbudzi cha nsikidzi chimenecho. Nditatukula matiresi ndi kuunika ndi tochi ya foni, ndinaona zenizenizo zitabisala m'ming'alu ya bedi, zofiirira, zaphwatalala, pamodzi ndi timazira toyera.

Ndisanakhudze chilichonse ndinajambula zithunzi. Kuno ku England nkhani ya nyumba imayenda ndi umboni, ndipo zokambirana pafoni mawa lake munthu amazikana. Ndinalembera imelo ejenti woyang'anira nyumbayo m'malo mwa mwini wake, ndikuikamo zithunzi, tsiku limene ndinalowa m'nyumbamo ndi tsiku limene ndinaziona. Yankho linabwera monga ndinkayembekezera: mwina mwabwera nazo nokha m'chikwama. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa wolipira ntchito yopopera mankhwala amadziwika ndi kumene zachokera. Zikakhala kuti zinalimo kale kapena zikuchokera m'zipinda zina za nyumbayo, udindo umagwera mwini nyumba, ndipo lamulo la 2018 lotchedwa Homes (Fitness for Human Habitation) Act limati nyumba ya lendi ikhale yoyenera kukhalamo munthu. Ndinagogoda kwa mnansi wa chipinda choyandikana. Anayamba wazengereza, manyazi, kenako anandionetsa mikono yake. Ndinalembanso imelo ina, ndikunena kuti ngati palibe chochitika ndikadziwitsa a zaumoyo ku khonsolo, omwe ali ndi mphamvu zoyendera nyumba. Wopopera mankhwala anapezeka mwamsanga.

Ntchito yowawa ndi yokonzekera, ndipo imeneyo ndi yako wokhalamo. Zovala, mabulangeti, makatani, zonse ndinaika m'matumba apulasitiki ndi kumanga pakamwa m'chipinda momwemo, kuti zisayoyokere m'njira. Ndinachapa pa madigiri 60, kenako m'makina oumitsira otentha kwa mphindi zosachepera 30. Majuzi ena anafupika, basi, zinatero. Nsapato ndi zina zosachapika zinakhala mufiriza masiku angapo. Zotuluka m'makina zinkalowa m'matumba atsopano, osabwerera m'kabati. Ndinadutsa ndi huva, makina okoka fumbi, m'mphepete mwa kapeti, m'munsi mwa makoma ndi kuseri kwa bedi, fumbi lake ndikukataya kunja nthawi yomweyo.

Chimene chinandivuta kumvetsa ndi lamulo la wopoperayo: muzigona pabedi pomwepo. Ine mtima unali pa sofa wa pabalaza. Anafotokoza kuti nsikidzi zimatsata kutentha kwa thupi ndi mpweya umene timatulutsa popuma, ndiye ukasamuka zimakulondola n'kudzaza nyumba yonse. Ukagona pomwepo zimatuluka, n'kuponda mankhwala. Mwachidule, nyambo ndi iwe. Anandiuzanso kuti ndisakolope kapena kudutsa ndi huva pamene wapopera, chifukwa mankhwalawo amagwira ntchito akakhalitsa. Kusiya chipinda chopanda munthu sikuthandiza, pakuti tizilomboti timatha miyezi osadya. Nawo mankhwala ofukiza a m'sitolo anati amangozimwaza kulowa m'makoma.

Anabweranso patatha pafupifupi milungu iwiri. Mazira nthawi zambiri sakufa ndi kupopera koyamba, ndipo amaswa pakatha sabata kapena kupitirirako pang'ono, choncho ulendo wachiwiriwu usaulole kudumphidwa ngakhale ejenti anene kuti zatha. Ineyo ndinachita kuwakumbutsa, pa imelo.

Pambuyo pake ndinaveka matiresi chikuto cha zipi, ndinasendeza bedi kuti lisagunde khoma, ndipo bulangeti silikhudzanso pansi. Pansi pa miyendo ya bedi ndinaika timbale tokola nsikidzi, timene ndimayang'ana ndikamasintha zofunda. Lipoti la wopopera ndinapempha kope lake, ndalisunga pamodzi ndi maimelo onse, kuti tsiku lotuluka wina asadzadule dipoziti yanga ponena kuti ndinaononga matiresi.